Nkhani ya Red John mu The Mentalist: anatipusitsa kapena ndine amene sindinamve?

Mjomba_wa_Ndirande

Anthu akwathu, amene munaonera The Mentalist mpaka pamene nkhani ya Red John, chigawenga chopha anthu chija, inathera tabwerani mundithandize maganizo chifukwa ine mtima ukukana kukhala pansi. Amene simunafike season 6 tulukani pompano, ndiulula zonse, musadzati sindinanene.

Ndikudziwa series yake ndi yakale, inayamba 2008 n'kutha 2015, ena munaonera pa ma DVD a mumsika aja, koma ine gawo limeneli ndangolimaliza kumene. Funso langa ndi ili: zoona Red John n'kukhala Thomas McAllister? Sheriff wa ku Napa uja? Bambo amene anaoneka mu episode yachiwiri ya season 1 akusewera ndi Patrick Jane, mwini nkhani wothandiza apolisi kufufuza milandu uja, masewera a mwala, pepala ndi sizasi aja n'kumangoluza motsatizana, kenako n'kusowa zaka zisanu osamvekanso?

Taganizani mmene anatikuzira munthu ameneyu. Jane anali tambwali, ankadya ndalama za anthu ponamizira kuti amalankhula ndi mizimu ya akufa, tsiku lina anapita pa TV n'kukamunyoza Red John kuti ndi kamunthu kachabechabe, pobwerera kunyumba anapeza kalata pachitseko cha kuchipinda, kutsegula n'kuona nkhope yomwetulira ija yojambulidwa ndi magazi pakhoma, mkazi wake Angela ndi mwana wake Charlotte ataphedwa. Kuchokera pamenepo Red John anali paliponse koma osaoneka. Anthu ake ali m'maofesi onse, amene wagwidwa amafa asanatsegule pakamwa. Sam Bosco ndi anyamata ake anaomberedwa mkati mwenimweni mwa ofesi ya CBI, nthambi ya apolisi ofufuza milandu ku California imene Jane ankagwirako ntchito, ndi sekilitale wake yemwe Rebecca, naye Rebecca n'kuphedwa ndi poizoni ali m'manja mwa apolisi. Grace Van Pelt, wapolisi wa m'gulu la Jane, anatsala pang'ono kukwatiwa ndi Craig O'Laughlin wa FBI osadziwa kuti akugona ndi kazitape wa Red John. Ndiye zija za kumapeto kwa season 5 zinandiimitsa tsitsi, Jane wasefa mayina yekhayekha mwachinsinsi m'kachipinda kake kapamwamba kaja mpaka atsala 7, kenako akuonera video ya Lorelei Martins, wotsatira wa Red John, yojambulidwa Lorelei asanaphedwe, mayi uja akutchula mayina omwewo mmodzimmodzi: Bret Stiles, Gale Bertram, Ray Haffner, Reede Smith, Bob Kirkland, Thomas McAllister, Brett Partridge.

Munthu wa nzeru zoterozo n'kudzagonja chifukwa cha nkhunda? Jane kungomuthira nyenyeswa za buledi m'manja n'kutulutsa nkhunda m'jekete, bambo wamkulu n'kuyamba kuphupha, Jane n'kusolola mfuti imene anamata kunsi kwa benchi m'katchalitchi ka kumanda kaja, phaa. Kenako kuthawa akukha magazi, kudutsa m'nyumba ya eni ake, kukagwa m'mbali mwa kadziwe, kuimba 911 uku akupempha kuti asamuphe. Ameneyo ndiye Red John? Ine ndikuona ngati olembawo anatopa n'kungochita maere. Ndipo za mayina 7 zija sanatiuze kuti anazidziwa bwanji. Kapena ilipo episode imene ndinagona?

KaChikho

Kkkkk aise ululu umenewu ife tinaumva 2013, iwe ukubwera lero. Ine ndinali wa Brett Partridge kuyambira episode yoyamba, mmene mfana uja ankasangalalira akaona mtembo, ndi timawu take tating'ono tija tofanana ndi ta munthu wovala chigoba amene anapulumutsa Jane kumapeto kwa season 2 n'kumunong'oneza ndakatulo ya William Blake ija. Nde season 6 ingoyamba episode 1 Partridge uyo wafa, ndinazimitsa TV kaye.

Olo akanatipatsa Bret Stiles bola. Mdala uja Malcolm McDowell, amene amasewera Stiles, amaopsa olo angokuyang'ana osayankhula, komanso ali ndi gulu lake la Visualize la anthu omumvera chilichonse, zikanamveka kuti ophunzira a Red John ankachokera kuti. Paja mu season 5 anatisonyeza nkhope yomwetulira yakalekale pakhoma la khola pa famu ya Visualize, kutanthauza kuti Red John anadutsako kumeneko ali mnyamata. Nde McAllister ndi Visualize zikukumana pati? Palibe anatiuza. Anatibera basi.

Bambo_a_Tadala

Achimwene a ku Ndirande, ine ndikutsutsani pang'ono. Tonsefe, ndi Jane yemwe, tinakodwa mumsampha umene Red John anatchera, womuona ngati chinthu choposa munthu. Ndi zimene iye ankafuna. N'chifukwa chake nkhope ija ankaijambula pamalo poti uione kaye usanaone mtembo, kuti mantha ayambe usanadziwe n'komwe chimene chachitika. Ndiye tsiku lomuvula chigoba mumati mupeza chiyani mkatimo? Anthu oterewa akagwidwa zenizeni amakhala okhumudwitsa chonchi.

Ndikupatseni awiri enieni, osati a pa TV. CBI ya mu series imeneyi likulu lake lili ku Sacramento. Series itatha, mu April 2018, apolisi anagwira Joseph DeAngelo ku Citrus Heights, kunja kwa mzinda wa Sacramento womwewo. Ameneyu ndi amene ankamutcha Golden State Killer, milandu yake inayambira 1974 mpaka 1986, kuthyola nyumba, kugwirira amayi ochuluka zedi, ndi kupha anthu 13 zomwe anadzavomera yekha m'khoti mu 2020. Zaka zoposa 40 anthu akumusaka, akulemba za iye, akumujambula m'maganizo ngati chilombo. Anapezeka ali nkhalamba ya zaka 72 yopuma ntchito ya umakaniko wa mathiraki, akukhala ndi mwana wake wamkazi ndi mdzukulu, ndipo pomugwira anawauza apolisi kuti wasiya nyama mu uvuni. Tsono mvetserani apa, munthuyu anali wapolisi, ku Exeter kenako ku Auburn, pa nthawi imene milandu ina ankaichita. Ntchito inamuthera mu 1979 atagwidwa akuba hamala ndi mankhwala othamangitsira agalu m'sitolo. Hamala, achimwene. Ndipo amene anamugwira si munthu wowerenga nkhope ngati Jane ayi, ndi DNA. Ofufuza anatenga DNA ya pamalo a milandu n'kuiika pa GEDmatch pomwe anthu amasakira abale awo, anapeza achibale ake akutali, n'kulondola mtundu wonse mpaka kufika pa iye, kenako n'kutsimikiza ndi DNA ya pa chogwirira chitseko cha galimoto yake ndi ya pa tishu ya m'bini.

Wachiwiri ndi Dennis Rader wa ku Wichita, Kansas, wodzitcha yekha BTK. Anapha anthu 10 kuyambira 1974 mpaka 1991 ndipo ankalembera makalata apolisi ndi atolankhani kudzitama, khalidwe lomwelo la Red John losafuna kuiwalika. Kutchalitchi kwake kwa Lutheran anali tcheyamani wa khonsolo, ntchito yake inali yoyendera makomo a anthu kuona ngati udzu watalika ndi kugwira agalu osokera. Anagwidwa bwanji mu February 2005? Anawafunsa apolisi m'kalata kuti kodi ndikakutumizirani floppy disk mungathe kundilondola, mundiyankhe moona. Apolisi anamuyankha kudzera m'nyuzipepala kuti palibe vuto. Iye n'kukhulupirira! Pa disk paja panatsalira dzina la tchalitchi ndi dzina loti Dennis. Ndiye inu mukudabwa nkhunda?

Ndipo za nkhundazo sanangozitola panjira. Sophie Miller, dokotala amene anathandiza Jane mutu utamusokonekera banja lake litaphedwa, anasiya mawu oti wodwala wina amene anabwera ndi dzina labodza ali ndi chinthu chimene amachiopa kwambiri. Jane anayamba waganiza kuti ndi kuopa malo okwera. Ndiye mu episode ya ukwati ku Napa ija McAllister anakwera padenga la tchalitchi bwinobwino kukapulumutsa Jane, tonse tinamufufuta pamndandanda. Bwererani mukaone mmene anachitira nkhunda zitamuulukira pafupi.

Kwa ine scene ya kumanda ija ndi yabwino chifukwa Jane anamumana chimene ankachilakalaka. McAllister anabwera atakonzeka kufunsidwa mafunso, kuti afotokoze nzeru zake, mnzakeyo agome. Jane anangomuuza kuti wakhumudwa naye ndipo zotsalazo alibe nazo ntchito. Kumbukani kuti ameneyu ndi munthu amene anapha mayi ndi mwana chifukwa chongonyozedwa pa TV.

NaPhiri265

Ine za McAllister sizinandipweteke kwenikweni, chimene chimandidabwitsa n'choti aliyense amakamba za Red John ngati kuti Jane ndi mngelo. Munthu uja anamuuza Lisbon, bwana wake wa ku CBI, kuyambira pachiyambi kuti akadzamupeza adzamupha yekha, za khoti ayi, ndipo anachitadi ndi manja ake, kumukhalira n'kumukanyanga pakhosi akumuuza kuti aphethire kawiri ngati akumva chisoni kuti anapha Angela ndi Charlotte, aphethirenso ngati akuopa kufa. Ine pamenepo sindinaombe m'manja ayi, ndinangoti kukamwa yasa.

Ndipo tawerengani anthu amene anapita chifukwa cha iyeyo. Timothy Carter anamuombera pa mall anthu akudya kumapeto kwa season 3 poganiza kuti ndi Red John. Inde zinadzapezeka kuti Carter ndi mkazi wake anali atatsekera mtsikana wa eni ake m'chipinda chobisika, koma Jane pomuombera sankadziwa zimenezo. Ndiye anakaima pamaso pa jury n'kuwauza kuti ndapha Red John chonsecho akudziwa kale mumtima kuti si iyeyo, n'kumumasula. James Panzer mu season 4, Jane ataona kuti umboni womumangira palibe anamuputa dala pa TV kuti anyoze Red John, akudziwa bwino lomwe chimene chimamuchitikira munthu wonyoza Red John pa TV, palibe amene ankachidziwa kuposa iye. Sipanapite nthawi Panzer anapezeka atafa pansi pa nkhope ija. Panzer anali wopha atsikana inde, sindikumulirira, koma pamenepo Jane anamutuma Red John ntchito. Lorelei anachita kumukonzera yekha njira yothawira kundende kuti amutsogolere kwa bwana wake, mapeto ake nayenso anafa.

Amene ndimamumvera chisoni ndi Teresa Lisbon. Zaka zonse zija kumuikira kumbuyo, kuimitsidwa ntchito chifukwa cha iye, kupezeka atakomoka Red John atamupaka magazi kumaso, CBI yonse n'kutsekedwa, iye kukathera ku polisi ya katauni kakang'ono ku Washington, bambo ali phee kunja kwa dziko m'mbali mwa nyanja akumwa tiyi n'kumalemba makalata. Ife amayi tikamaonera timaona zimenezo, inu mumangowerenga ma clue.

Mjomba_wa_Ndirande

Bambo a Tadala, za DeAngelo ndi Rader mwandiphunzitsa, makamaka za hamala zo. Koma zitsanzo zanu zikukutsutsani nokha. Awiriwo ankayenda okha usiku, analibe wowatsatira olo mmodzi, n'chifukwa chake kukhala kwawo anthu wamba kukumveka. Red John sanatigulitse choncho. Anatiuza kuti ndi munthu woti Rebecca anapha anzake a muofesi chifukwa chomukonda, Lorelei ankamukamba ngati mpulumutsi wake, sheriff uja Hardy wa kumapeto kwa season 1 anafa akumuikira kumbuyo. Kuti anthu akufere choncho pamafunika kukhala ndi kenakake koti ukangolowa m'chipinda aliyense atembenuke. Xander Berkeley ndi katswiri, sindikukana, ndinamuona mu series ya 24, koma McAllister amene anamupatsa kuti asewere ndi bambo woti olo pamaliro sangapatsidwe mwayi woyankhula.

Chinanso. Rosalind Harker, mayi wosaona uja amene anakhalapo pachibwenzi ndi Red John akumudziwa ngati Roy, ndi amene anakhudza nkhope ya mtembo wa Carter n'kunena kuti si ameneyu. Ndiye Jane atatsala ndi mayina 7 analekeranji kungomutenga mayi ameneyu kuti amve mawu a aliyense? Nkhani ikanatha tsiku limodzi.

Mayi NaPhiri, za Lisbon mwalasa, koma musatinyoze choncho kkkk.

Dyeratu

Ine ndili pakati. McAllister ndamulandira, nkhunda ndailandira, koma za mayina 7 achimwene a ku Ndirande akunena zoona ndipo palibe episode imene anagona.

Onani, series yonseyi yaima pa lamulo limodzi limene Jane amalibwereza pafupifupi season iliyonse, loti munthu woona zobisika kulibe, pali njomba basi. Iye anakulira m'magulu oyendayenda a zisudzo aja, bambo ake ankamuonetsa kwa anthu ngati kamwana koona zam'tsogolo, ndiye njomba zonse amazidziwa. Amayang'ana nsapato zako, mphete, kumene maso athawira akatchula dzina, zofanana ndi aneneri ena aja amene amakutchulira nambala yako ya foni paguwa chonsecho anyamata awo anacheza nawe kale pakhomo polowa. Ndipo chokoma cha The Mentalist chinali choti chodabwitsa chilichonse pamapeto pake amakusonyeza mmene chinachitikira.

Zina za Red John anatisonyezadi. Zoti anapha Eileen, mayi amene Jane ankamukumbukira kuyambira ali mwana koma sanauzepo anzake, zinadzadziwika kuti anazitenga kwa Sophie Miller. Za bomba la kunyumba kwa Jane ku Malibu anafotokoza kuti mabomba anali awiri, loyamba longokomola anthu, McAllister n'kuikapo mtembo wina, ndipo Partridge anali atasintha kale DNA mu kompyuta kuti mtembowo uzioneka ngati wa McAllister, n'chifukwa chake Partridge anayenera kufa msanga. Za anthu ake opezeka paliponse anatipatsa Blake Association, gulu lachinsinsi la apolisi, ma jaji ndi a FBI oipa otetezana, okhala ndi timadontho titatu paphewa lakumanzere, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe kuti akutumikira ndani. Mutha kuzikonda kapena ayi koma ndi mayankho.

Koma mayina 7 aja, njomba yaikulu kuposa zonse, ndi imene anaisiya. McAllister ali gone pansi anayamba kunena kuti anawadziwa chifukwa iye ndi woonadi zobisika, Jane n'kumutseka pakamwa, basi. Ena amati anthu a Kirkland anathyola kachipinda ka Jane n'kujambula zonse za pakhoma, koma Jane anali atawatchera kale ndi zabodza, komanso Kirkland sanali wa Red John, ankamusaka payekha chifukwa cha mapasa mnzake. Ine maganizo anga ndi oti anamujambulitsa Lorelei ma video angapo a mayina osiyanasiyana n'kudzasankha yoyenera nthawi itakwana. Koma amenewo ndi maganizo anga, ndikuwagwirira ntchito olemba amene analipidwa. Bambo a Tadala akuti Jane anakana kufunsa kuti amumane ulemu, chabwino, koma Jane kukana kufunsa sikukanaletsa wapolisi mnzawo Cho kapena Lisbon kudzapeza yankho mu episode yotsatira. Mphindi imodzi inali yokwana.

Gwero lake ine ndimaona kuti ndi mtundu wa TV yake. CBS, kanema amene ankaionetsa, inkafuna ma episode oposa 20 pachaka, ambiri ndi mlandu wa sabata imeneyo basi, Red John amatulukira kangapo, makamaka kumapeto kwa season. Ndiye chaka chilichonse kuti anthu adzabwerenso ankayenera kumukulitsa kuposa chaka chatha, ngongole n'kumangokwera, pofika November 2013 panalibe munthu wa magazi ndi mnofu amene akanaibweza yonse. Olo akanakhala Stiles, KaChikho, bwenzi pano ukudandaula kuti zinali zodziwikiratu.

Amene mukufuna nkhani yotere koma yosakupusitsani ndi dzina pezani The Fall ya BBC, inayamba 2013, imachitikira ku Belfast. Wakuphayo, Paul Spector, amakusonyezani episode yoyamba yomwe, ndi bambo wapabanja wa ana awiri amene ntchito yake ndi yotonthoza anamfedwa, ndiye mumangoonera mmene Gillian Anderson, amene amasewera wapolisi womusaka, akumuyandikira pang'onopang'ono. Koma musaonere ndi ana.

KaChikho

Ayi Dyeratu, Stiles ndikanamulandira ndi manja awiri. Koma za ma video angapo zo zikumveka, tingogwirizana kuti ndi zimene zinachitika tigone.

Mjomba_wa_Ndirande

Nanga zotsalazi ndipitirize kapena ndisunge bundle yanga? Red John atafa palinso choonera?

NaPhiri265

Pitirizani achimwene. Amadumpha zaka ziwiri, Jane amabwerera n'kuyamba kugwira ndi FBI ku Austin, Texas pansi pa Dennis Abbott, amene poyamba mumuda koma pofika kumapeto mumukonda kuposa onse. Cho amakhalapo mpaka mapeto ndi nkhope yake yosaseka ija, Rigsby ndi Van Pelt amachoka mkati mwa season 6. Mukaonetsetsa mayina a ma episode amasiya kukhala ndi zofiira zija n'kuyamba mitundu ina. Season 7 ndi yaifupi, ma episode 13 okha, ndipo chakumapeto kuli wopha anthu wina wodzitcha Lazarus amene kuti amukole Jane amabwereranso pa TV kukanamizira zolankhula ndi mizimu, Lisbon akuona. Mukafika pamenepo mubwere, ndili nazo zambiri zoti ndinene.